Chingwe cha Mnzawo wa Agogo

Ndinadzuka kudakali mdima, mwana atayamba kulira. Amayi amene anachezera pa siwa m'nyumba mwathu ku Maryhill, mumzinda wa Glasgow, anali atagona pa kapeti, atafunda majekete. Nyimbo tinaimba motsitsa mawu poopa anthu okhala pansi pathu. Mpunga ndi nkhuku tinakaphikira ku holo ya tchalitchi, pa mbaula za gasi.

Malemu anali agogo a amuna anga. Anabwera ku Glasgow ali mnyamata, nagwira ntchito pa fakitale ya matiransisita, tizipangizo ta m'kati mwa wailesi. Ndine ndinkawadwazika, ndipo nkhani imodzi ankaibwerezabwereza. Mnzawo wa kuntchito, mzungu wa konkuno, ankafuna tiransisita yopirira kutentha, ngakhale inali yodula kupanga. Agogo ankafuna yotchipa, kuti wailesi afike poigula ngakhale munthu wa ku Ntcheu. Fakitale inasankha ya agogo. Mawailesi anayenda malonda, koma kukatentha ankangosokosera. Mnzawoyo anawanyoza pagulu, ndipo anasiya kulankhulana. Akudwala, agogo ankati aliyense mwa iwo anali ndi mfundo. Anandiuza kuti pa maliro awo mnzawoyo adzagwire nawo chingwe.

Kuno bokosi amalitsitsa ndi zingwe, ndipo ogwira amasankhidwa ndi banja. Wosankha anali apongozi anga aamuna, mwana wa malemu. Chikwatiwireni sindinalankhulepo nawo maso ndi maso. Nditauza amuna anga, anangoti, "Amake mwana, lero ayi. Bambo safuna n'kumuona komwe munthu uja."

Mvula inayamba tikutuluka m'tchalitchi. Anthu anabwera ambiri, ena pa basi kuchokera ku Govanhill, zitenje atamanga pamwamba pa majekete. Kumanda mnzawo wa agogo uja anaima yekha kumbuyo, atatsamira ndodo, chipewa chili m'manja. Apongozi anayamba kuitana ogwira zingwe. Dzina la mkuluyo silinamveke.

Ndinapita, mwana ali kumsana, n'kugwada m'matope chapatali ndi apongozi.

"Bambo, pepani. Agogo anati chingwe chimodzi n'cha akulu aja."

"Iii, mtengwa ameneyu!" ananong'ona mayi wina kumbuyo kwanga.

Apongozi anafunsa akuyang'ana kumbali.

"Anakuuzani inuyo?"

"Eya, bambo."

Anatenga chingwe cha amuna anga n'kukodola mkuluyo. Bokosi linapendekeka pang'ono mbali ya mkuluyo, ndipo amuna anga anamugwira chigongono mpaka linafika pansi.

Madzulo anthu anabalalika. M'nyumba munangotsala fungo la zovala zonyowa ndi mipando yobwereka itasanjikizidwa m'khonde. Ndinaika tiyi patebulo n'kubwerera cha kukhitchini, monga ndimachitira. Apongozi sanadikire kuti amuna anga abwere adzawalankhulire.

"Khalani pansi, mayi," anatero. "Anakuuzaninso chiyani bambo anga?"