Manda a Kumapeto kwa Mzere

Atelala ankasokera pakhonde la sitolo ya zitsulo, pakati pa wokonza njinga ndi wometa tsitsi. Makina awo anali achikale, opalasa ndi mapazi, lamba wake wolumikizalumikiza ndi waya. Pamenepo ndi pamene anakalambira, tepi ili m'khosi, mapini ali pakamwa, akupinda masiketi a ana asukulu ndi kuika zigamba m'mabuluku a alimi.

Kusoka anayambira pa yunifolomu ya amuna awo. Bamboyo anali msilikali wamfupi kwambiri, moti anzake anamutcha Kachitsa. Buluku lililonse limene ankalandira kukampu linkakhwekhwereza pansi, ndipo akabwera kutchuthi ankangoliponya pamiyendo pa mkazi wake n'kunena kuti, "Mayi, tandichotsaniko manyaziwa." Tepi analibe masiku amenewo, ankamuyeza ndi dzanja. Akatambasula chala chachikulu ndi chapakati kanayi kuchokera m'chiuno, mwendo wa Kachitsa watha.

Ku usilikali anapita atatu a m'mudzi umodzi: Kachitsayo, Mlongoti amene ankawerama polowa pakhomo lililonse, ndi wamasiye wina wosakwatira amene ankangomuti Wofatsa. Anapitira limodzi, anabwereranso limodzi. Lole yawo inagwera mumtsinje wosefukira, ndipo anafika m'mabokosi atatu ofanana, okhomeratu, okutidwa ndi mbendera.

Maliro amenewo Atelala sanawaone. Anali m'chipatala, atangochira kumene mwana wamkazi. Mkazi wa Mlongoti, amene onse ankamuti Amake Mapasa, anakomoka atangoona mabokosi, anthu n'kumunyamula kupita naye kunyumba. Asilikali anagwira okha ntchito yonse, abale ataimitsidwa chapatali, mvula ikuwomba m'maso. Pochoka anazika timatabwa ta maina. Chilimwe chomwecho moto wolusa unalowa kumanda n'kupsereza timatabwato. Apongozi aamuna a Atelala anati palibe chovuta, mmene anyamatawo anagonera akukumbukira bwino: Mlongoti, Wofatsa, Kachitsa. Anayambira kuchipata n'kumatsika, anawaka ziliza zitatu, nalemba maina ndi msomali simenti isanaume.

Motero Amake Mapasa anali ndi manda a kuchipata, Atelala a kumunsi, ndipo a Wofatsa ankasesa onse awiri. Kwa zaka zoposa makumi atatu amayi awiriwa ankapitira limodzi kumeneko, tsache m'khwapa, chidebe cha njereza chogwirizana. Akatha kusesa aliyense ankagwada kwake, atafulatirana, n'kumanong'ona. Atelala analibe wina womuuza za mumtima. Kudwala kwa mwana, denga lodontha, usiku wautali wa mkazi wamasiye akadali mtsikana, zonse ankazitula pa chiliza chimenecho.

Kumunsi kwa mandawo kunali kangalande kamene kale mwana ankatha kukalumpha. Mitengo ya kumtunda itatha, kangalandeko kanasanduka chigwembe, ndipo dzinja lililonse chinkadyako dothi. Chaka chimene tikunenachi mvula inagwa yosalekeza. Chigwembe chinameza mpanda, chinameza mtengo umene unali pangodya, mpaka chinafika poti munthu atakhala pa chiliza cha Kachitsa akanatha kulendewetsa miyendo m'phompho. Akuluakulu a mpingo ndi okumba manda anagwirizana kuti Loweruka asamutse mafupawo, akawaike m'dzenje latsopano pafupi ndi chipata.

Kumayambiriro kwa sabata imeneyo pakhonde panafika nkhalamba ina yowongoka msana, itapinda jekete pamkono. Inali itangosamukira kwa mwana wake, namwino wa pachipatala. Inati inali msilikali kale, woimba lipenga, ndipo anzake ankangoiti Walipenga.

"Mundichepetsereko jeketeli, mayi. Thupi latha, jekete latsala. Ndikufuna ndilivale Loweruka, ndamva kuti mukusamutsa Mlongoti."

"Mwamva molakwa, bambo," anatero Atelala, mapini ali pakamwa. "Akusamutsidwawo ndi amuna anga. Inu munkawati Kachitsa."

"Inu ndi akazi a Kachitsa? Ha! Ndiye ndinu amene munkamudulira mabuluku! Kunena zoona, ife tinkati amavala za mwana wa sukulu." Nkhalambayo inaseka mpaka kutsokomola, kenako inapukusa mutu. "Koma wa kuchigwembe uja si iyeyo ayi. Kachitsa ali kuchipata."

Atelala analavulira mapini m'dzanja.

"Maina alembedwa pa ziliza, bambo."

"Analemba ndani? Ine ndinalipo. Ife sitiika anthu mwachisawawa. Tinawagoneka monga ankaimira pa perete, wamtali kudzanja lamanja, wamfupi kumanzere. Ndinaima pachipata ndi lipenga langa, bokosi la Kachitsa lili pamapazi pangapa. Lipenga linandikanika tsiku limenelo, mayi, milomo inkanjenjemera. Akuluakulu anandiyang'ana ndi diso loipa mpaka kukampu."

Anavula chipewa, nasiya jekete pa makina, n'kumapita pang'onopang'ono.

Tsiku limenelo Atelala analumikiza mkono wa diresi chagada. Anausomola, n'kuulumikizanso chagada. Wometa tsitsi anasuzumira nati, "Agogo, lero makina akuyendetsani ndi iwo kapena?" Atelala anausomolanso mkonowo. Mumtima ankangoti nkhalamba ija yasokonekera, anthu okalamba amasakaniza maliro. Koma akati aiwale, ankaona apongozi awo malemu akuwerenga ndi zala, Mlongoti, Wofatsa, Kachitsa. Wamtali, wapakati, wamfupi. Mndondomeko wake unali womwewo wa pa perete. Chimene mkuluyo akanalakwitsa n'chimodzi chokha, mbali yoyambira.

M'mawa mwake anapita kumanda asanatsegule makina. Dothi lina linali litagumukanso, ndipo ngodya ya chiliza inali lende pamwamba pa madzi ofiira. Anagwada monga mwa masiku onse, anatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Anachita manyazi ngati munthu amene walowa m'chipinda cha eni osagogoda. Ngati ali Mlongoti, ndiye kuti mwamuna wa mnzawo anamva zonse, ngakhale zija mkazi amauza mwamuna wake yekha. Ndipo Kachitsa, kumtunda kuja, zaka zonsezi ankangoona msana wawo.

Pobwerera anakumana ndi Amake Mapasa, atanyamula ambulera yothyoka nthiti ziwiri, akupuma mwabefu. Mayiyu anali wonenepa, wapakamwa, ndipo ankadwala matenda othamanga magazi. Mapasa ake, amene tsopano anali azibambo okhala m'tauni, anachita kuwapempha Atelala kuti amayi awo asamadzidzimutsidwe ndi nkhani iliyonse.

"Achemwali, mwalawiranso kumeneku? Mudzagwera m'chigwembemo inu, tidzasamutse awiri. Taonani nkhope, ngati mwameza singano."

"Sindinagone bwino."

"Mugone. Loweruka si kutali. Amuna anuwo abwera kumtunda, akakhala pafupi ndi anga. Koma muwauze asakawasokose, anga aja sakonda phokoso."

Atelala anasinkhasinkha. Akanena, ndipo nkhalamba ija ikhale kuti yalakwitsa, adzakhala atamugwetsa mnzawo popanda chifukwa. Akapanda kunena, mayiyu adzaima pambali ngati mlendo pamene akufukula mwamuna wake.

"Anzanga," anayamba, "kodi tsiku la maliro lija, inu simunaoneko ngakhale pang'ono mmene anawatsitsira?"

"Ine? Ndinadzidzimuka ndili pamphasa, akundithira madzi kumaso. Bwanji?"

"Ayi, ndimangofunsa."

Jekete litatha analipereka okha kunyumba kwa namwino, akuyembekeza kuti akapeza nkhalamba itaiwala zonse. Anaipeza ikufunafuna magalasi amene inali itavala kale. Mtima wawo unatsikako pang'ono. Koma atangotchula za manda, Walipenga anaimirira, anawongola mapewa, natambasula dzanja lamanja.

"Mlongoti uku. Wofatsa apa. Kachitsa apa, pamapazi panga. Mayi, dzina la mdzukulu wanga limandithawa, koma perete sindingaiwale."

Loweruka kunacha kwa mitambo yolemera. Anthu sanachuluke: okumba manda, abusa, kalipentala ndi kabokosi katsopano, Walipenga m'jekete lake, ndi amayi awiriwo. Amuna anamangirira chingwe pamtengo kuti wokumba asatsetserekere m'chigwembe. Anaphwanya chiliza ndi nyundo, nayamba kukumba mosamala, dothi lonyowa likukakamira ku mafosholo. Nthawi ndi nthawi chibuma chinkagumuka m'mphepete n'kugwera m'madzi kuti phava, onse n'kuima kaye.

Amake Mapasa anawagwira Atelala m'chiuno, ambulera ili pamwamba pa onse awiri.

"Limbani mtima, achemwali. Ndili pompano. Mukafuna kugwa mugwere kuno, kuli mnofu."

Atelala sanaseke. Ankamva mtima wa mnzawo ukugunda paphewa pawo, ndipo ankapemphera pemphero losalongosoka, mwina loti akhale Kachitsa, mwina loti mvula igwe ntchito ilekeke.

Fosholo inagunda thabwa lofumbwa. Okumba anasiya zitsulo n'kuyamba kupala ndi manja. Mkulu wawo anayang'ana kumwamba nati, "Mayi, mwambo wake ndi woti mwini aone tisananyamule. Mungathe?"

Anasendera, mnzawo akuwachirikiza. Pansi panali nsanza zakuda za yunifolomu, mabatani obiriwira, ndi mafupa ogona mwadongosolo. Diso la telala silidikira kuuzidwa. Lisanafike n'komwe kumapazi linali litayeza kale kuchokera m'chiuno, kanayi, kasanu, mwendo ukupitirirabe.

Atelala anangomva dzanja lija la m'chiuno likumasuka pang'onopang'ono. Ambulera inapendekeka, n'kugwera m'matope.

Amake Mapasa ankayang'ana kumapeto kwa dzenje, kumene kunali jombo ziwiri zazikulu, chikopa chitauma n'kupindika.

"Jombo izo," anatero ndi mawu aang'ono, achilendo pakamwa pawo. "Zinkatsekereza pakhomo panga izo. Mapasa ankalowetsamo miyendo yonse iwiri."

Walipenga anavula chipewa. Atelala anamugwira mnzawo mkono ndi manja onse awiri, akuyang'ana milomo yake ngati ikuda, akuyembekeza kuti thupi lonselo liwagwera. Amake Mapasa anakhala pansi pamatope pomwepo, anapuma kwakukulu kangapo, misozi ikutsikira m'makwinya. Kenako anatembenuka.

"Munkadziwa?"

"Ndinamva sabata yomwe ino, kwa bambo awa. Ndinkaopa magazi anuwo."

"Magazi anga! Mwamuna wanga akulendewera m'chigwembe, inu mukuopa magazi anga?" Anadzipukuta ndi nsonga ya mpango. "Ndiye zaka zonsezi mwakhala mukunong'onezana ndi mwamuna wanga, ine ndili pomwepo, ndikukugwirirani chidebe?"

Wokumba wina anaseka mwangozi n'kudzitseka pakamwa. Abusa anayang'ana pansi.

Mkulu wa okumba anakanda m'mutu. Kabokosi kamene kalipentala anakhoma kanali ka muyeso wa munthu wamfupi, ndipo mafupa a miyendo sakanalowamo. Anayang'ana Atelala, poti ndi iwo amene anawalemba ntchito.

"Nanga titani, mayi? Tidikire bokosi lina, kapena tiwakulunge kaye m'nsalu? Mvula iyi sitidikira."

Atelala anatsegula pakamwa kuti ayankhe, monga anayankhira chilichonse chokhudza manda amenewo kuyambira ali mtsikana. Anadzigwira.

"Funsani akazi awo," anatero. "Ndi awa."

Amake Mapasa anadzuka mogwira bondo, matope ali chuu kumbuyo konse, n'kuyamba kulamula. Kalipentala athamange akatenge matabwa aatali. Nsalu ibwere yoyera, osati chisanza. Jombo zisatsale. Mawu awo anali atabwerera mwakale, ndipo amuna aja anamwazika ngati nkhuku.

Atelala anatsala okha. Anayang'ana kumtunda, kupitirira manda a Wofatsa, kumene kunali chiliza chopakidwa njereza bwino, chozunguliridwa ndi maluwa amene iwo sanadzale. Panali pafupi, koma sankadziwa kuti munthu amayamba ndi mawu otani kwa mwamuna amene wamudutsa zaka zonsezo osamupatsa moni.

Atayenda pang'ono anamva mnzawo akuwaitana.

"Achemwali! Taimani kaye." Amake Mapasa anafika pafupi, natsitsa mawu kuti abusa asamve. "Mukakafika, zimene amuna anuwo akakuuzeni musakazikhulupirire zonse."

"Zotani?"

"Inu mukuganiza kuti ndikagwada paja ndinkanena za ndani? Za mphunzitsi wa njinga yofiira uja ankabwera kudzasoketsa malaya osang'ambika, ndinawauza. Zoti munanenepa chaka chija, ndinawauza. Zoti mumaphika mchere wambiri, ndinawauzanso, kangapo konse."

"Mayi inu! Mphunzitsi uja ndinamukana!"

"Eya, ndiye kafotokozeni nokha. Ine mbali imeneyo sindinafikepo."

Madontho oyamba anayamba kugwa. Atelala anakonza mpango kumutu, anasasa matope pa chitenje, n'kukwera kulowera kuchipata.