Ngalawa ya Amalume pa Damu la ku Nchema

Mpeni uja ndimaukumbukabe. Chigwiriro chake chinali chokulungidwa ndi mphira ya chubu cha njinga, ndipo pakati unali utadyeka chifukwa chonolanola. Amalume anabwera nawo kuchokera ku Mozambique, kumene anakhala zaka zambiri akugwira ntchito padoko. Kupatula mpeniwo, anabwera ndi nkhani za kunyanja yamchere komanso dzanja lamanja lopuwala, limene zala zake zinaphwanyidwa ndi chingwe cha sitima. Ine ndinali kamtsikana ka Sitandade 5 ku Nchema, ndipo madzi aakulu amene ndinali nditawaonapo anali damu la kudambo, kumene anthu ankatunga othirira m'madimba.

Kwathu malume ndi munthu wamkulu. Ndiye amalankhula pa ukwati wa ana a mlongo wake, ndiyenso amaweruza za minda. Koma amalume anga palibe ankawaitana pa zoterezi. Mudzi wonse unkati ndi abodza, ndipo chinawaphetsa ndi nkhani imodzi. Ankati kunyanja kuli ngalawa zopanda injini, zoyenda ndi nsalu, zimene zimatha kulowera kumene mphepo ikuchokera. Abambo a pabawo, pafupi ndi chigayo, ankaseka mpaka kugwira nthiti. "A Kaputeni, kwanuko mankhusu nawonso amauluka chobwerera?" Mayi ankazimva izi akudikira ufa, n'kufika pakhomo nkhope ili ndwii. "Achimwene, bwanji osangokhala chete?" Mawu a mayiwa ankandiwawa kuposa kuseka kwa pabawo.

Inali nyengo ya chiperoni, chimanga chili m'nkhokwe, phiri la Chiradzulu litafunda nkhungu pafupifupi m'mawa uliwonse. Tsiku lina amalume anandiponyera chipika cha malaina, n'kundipatsa mpeni wawo. "Mutu ndili nawo ine, zala uli nazo iwe. Tiseme kangalawa, tiwaonetse."

Tinkagwirira kuseri kwa khola la mbuzi, kumene mphepo sinkafika. Iwo ankalemba mizere ndi khala, ine n'kumasema. M'kati tinkakumba ndi msomali waukulu umene tinauphwatalitsa pamwala, ndipo kunja ndinkapala ndi chidutswa cha botolo mpaka thabwa kusalala ngati chipande chakale. Fungo la malaina aawisi, lowawasa pang'ono, linkandikanirira m'manja ngakhale nditasamba. Mlongoti unali wansungwi. Thanga, nsalu yokola mphepo ija, tinadula ku ambulera yothyoka, ndipo zingwe tinasomola ku thumba la feteleza. Ndikalakwitsa kumanga mfundo ankandimasulitsa, ndikalakwitsanso ankandimasulitsanso, osakwiya koma osandimvera chisoni. Mayi akadutsa ankangoti, "Mwana wamkazi ndi mpeni, mbale zili mbwee," koma ndinkawaona akusuzumira.

Lero ndimapangabe tingalawa timeneti madzulo ndikaweruka kuntchito ku Limbe. Ndili ndi guluu, ndili ndi timipeni tabwino, koma ndinene zoona, palibe imene imandidumphitsa mtima ngati yoyamba ija, yokhota mphuno.

Titaimaliza tinakaiyesa padamu tili awiri. Ndinali nditaikumba mpaka kupepuka ngati chikho, chifukwa aliyense kwathu amadziwa kuti chopepuka ndiye chimayandama. Inayandamadi, yokongola. Koma mphepo itangokhudza thanga, ngalawa inagona chammbali, n'kugadabuka. Anyamata oweta mbuzi anaona zonse, ndipo tisanafike kunyumba nkhani inali itafika kale pabawo.

Amalume anakhala pakhonde masana onse, thanga lonyowa lili pamwendo. Dzuwa litapendeka anadzimenya pantchafu. Anali atakumbukira kuti ngalawa zazikulu zikatsitsa katundu, amazithira miyala ndi mchenga m'mimba kuti zisagubuduke. Yathuyi inkafunika cholemera, ndipo cholemeracho chilendewere pansi pake, m'madzi. Anapempha kakhasu kotha ka mayi, kamene ankakumbira mbatata.

"Chitsulo pamadzi?" anatero mayi. "Achimwene, akusekani kale. Mukufuna akusekeni kawiri?"

Inenso mumtima ndinali mbali ya mayi. Ndinali nditaponyapo miyala m'damu, ndipo panalibe umene unabwerera. Mayi analowa m'khitchini akung'ung'udza, kenaka kakhasu kanagwa pabwalo kuti thi. Wokonza njinga pamsewu anatidulira chitsulocho kukhala ngati lilime. Tinachilowetsa pansi pa ngalawa, n'kumata m'mbali ndi phula la njuchi losungunula m'chitini. Nditainyamula, mtima unandigwa. Inkalemera ngati mwana wa galu.

Aphunzitsi athu anaimva nkhaniyi kwa ana anzanga. Anali munthu woona mtima. Anati, "Ine nyanja yamchere sindinaionepo, choncho sindingatsutse, sindingavomereze. Tiyeni tikaone ndi maso." Lachisanu titaweruka, kalasi yonse inatsetserekera kudambo, ndipo abambo a pabawo anatitsatira m'mbuyo, atakonzeratu mano.

Kunkazizira. Mphepo inkachokera kutsidya, mbali ya ku Mulanje, kutimenya kumaso. Amalume anathothola udzu n'kuuponya m'mwamba, udzuwo n'kuulukira kumbuyo kwathu, aliyense akuona. Anandiuza kuti ndikoke chingwe cha thanga mpaka lithine, ndipotoze chiwongolero pang'ono, ndiye ndimange. Zala zanga zinali zitauma ndi chisanu ndi mantha omwe. Ndinalowa m'madzi mpaka m'mawondo, matope akutuluka pakati pa zala zakuphazi, n'kuiika.

Sinamire. Inakhazikika m'madzi mwaulemu. Mphepo inadzaza thanga, ngalawa n'kupendekeka, ndipo wina kumbuyo anakuwa kuti, "Yagwa!" Koma inangopendekeka basi, n'kulimba pomwepo, n'kuyamba kuyenda. Sinalunjike mphepo maso ndi maso, inkaidula chopingasa, koma inkapita kutsidya. Masamba ouma amene anali pamadzi ankabwera kwa ife, iyo ikupita uko, n'kumaphonyana nawo. Ndinkamva timadzi tikulira kumphuno kwake. Itagunda bango la kutsidya, ana anzanga anaphulika ndi chisangalalo, ena kugwera m'matope, ine ndikungodumpha m'madzimo ngati wamisala.

Bambo wina wa pabawo anati muli mankhwala. Aphunzitsi anavula nsapato, anapinda buluku, n'kukaitenga okha. Anaizondotsa, kumuonetsa bamboyo khasu la mayi, ndiye anaiikanso pamadzi ndi manja awo. Inapitanso. Bambo uja anavula chipewa n'kudzikanda m'mutu. "Kodi zinali zoona eti?" Amalume anangondiloza ndi dzanja lopuwala lija n'kunena mokweza kuti, "Wasema ndi uyu." Ndinanyada tsiku limenelo, kunyada kwenikweni, ndipo sindichita nako manyazi.

Nthungululu yoyamba inachokera kumadimba. Anali mayi. Anali atanena kuti sabwera kudzaona zamasewera, koma anali ataima pakati pa mpiru, ndowa ili pansi, madzi akutayika.

Patangopita masiku ochepa kunabwera alendo, akuchimuna, kudzafunsira mbeta mkulu wanga. Kale nkhani zotere mayi ankaitanira wachibale wina wakutali wa ku Mauwa. Tsiku limeneli anasesa pabwalo, anatulutsa mpando wabwino uja wa alendo, n'kundiuza kuti, "Kaitane amalume ako. Awa ndi mawu awo."

Ndinawapeza m'nyumba mwawo atavala jekete limene sindinaliwonepo, akulimbana ndi mabatani. Anandipempha kuti ndiwamangire, ndipo ndinamva chifuwa chawo chikugunda pansi pa zala zanga. Ine ndinali nditakwiya. Masana amenewo mphepo inali yabwino kwambiri, ndipo anali atandilonjeza kuti tikayesa thanga lachiwiri. Ndinamanga mabataniwo mwamwano, n'kukakhala kuseri kwa khola ndikulira kuti mphepo ikupita pachabe. Sindinkamvetsa chimene chinkanjenjemeretsa munthu amene anaona mafunde aatali kuposa nyumba, pongopita kukakhala pampando pabwalo la mlongo wake.