Nambala Imene Inadya Maso a Amuna Anga

Amuna anga, a Evaristo, anaphunzitsa masamu ku Quelimane mpaka kumera imvi. Sankamwa, sankayendayenda. Mkazi mnzanga anali nambala, chinambala chachitali ngati sitima ya katundu. Ankakhulupirira kuti palibe nambala ingachigawe popanda chotsala, kupatula wani ndi icho chomwe. Kuti atsimikize, ankayenera kuchiyesa ndi manambala masauzande, imodziimodzi, ndi pensulo.

Ntchitoyo anagawana ndi a Belmiro, mphunzitsi mnzawo wosakwatira, amene anaimirira mwana wathu Zulmira pa ubatizo, n'chifukwa chake awiriwa ankaitanana kuti kumpadre. Amuna anga anatenga manambala othera ndi wani ndi fili, a Belmiro othera ndi seveni ndi naini. Loweruka lililonse ankakumana pakhonde pathu, ine n'kumawaotchera nkhuku ya kokonati.

"Kumpadre, kwanuko zikuti bwanji?"

"Palibe yalowa, kumpadre. Chinambala chanuchi n'chouma mutu ngati eni ake."

Akatero ankaseka, uku akunyambita zala.

Chaka chimene anayamba ntchitoyi, Zulmira anakwatiwa ku Nampula. Inali nthawi ya nkhondo, msewu sunali wopita n'kubwera, kupita kunali kusamukiratu. Adzukulu ankabadwa ife tili kuno, mtima wanga uli konko. A Evaristo ankangoti, "Graciete, nambala ikatha tinyamuka. Mnzanga ndimusiya bwanji ntchito ili pakati?" Zaka zinkapita, maso awo n'kumachita chidima.

Atamaliza mbali yawo, anati abwereze ya mnzawo kuyambira pachiyambi, poti munthu amalakwitsa. Ankawerenga mphuno itagunda pepala. Sabata isanathe ndinamva pensulo ikugwa pansi.

Loweruka anadikira mlendo wathu ayambe kudya.

"Kumpadre, 1,237 ikulowa. Palibe chotsala."

A Belmiro anaika fupa m'mbale. Sanadabwe n'komwe.

"Ndinaipeza chaka choyamba chomwe."

"Nanga osanena bwanji?"

"Mukanapita ku Nampula. Ine Loweruka ndikanamadya ndi yani?"

A Belmiro ndinawalanda mbale. Munthu ameneyu ndinamudwazika malungo, ndinamusokera mabatani, ntchafu ya nkhuku inkakhala yake. Ankandiona ndikulirira adzukulu pakhonde lomwelo, iye n'kumati, "Pirirani, kumadre, yatsala pang'ono." Chikomekome cha mkuyu! Mpaka lero ndikamva dzina lake chifuwa chimanditentha, ndipo asandiuze munthu zoti anali wosungulumwa. Kusungulumwa kwake tinakulipira ndife.

A Evaristo sanakalipe. Anangoti, "Chipata mukuchidziwa, a Belmiro." Mawu oti kumpadre anathera pomwepo.

Ku Nampula tinapita ndithu. Mdzukulu wathu woyamba, Odete, tinamupeza ali kale namwali. Anagwada kupereka moni. Agogo ake anamugwira nkhope ndi manja onse awiri, n'kumasisita masaya, mphuno, chipumi. Kenako anatembenukira kumene kunkachokera mawu anga.

"Graciete, tandiuze. Wafanana ndi yani?"