Nthambi mu Fani ya Lole ya Maliro

Achimwene anga a Aaron Sakala amakonza mawaya a galimoto ku Katete, kuseri kwa msika, pansi pa mtengo wa mango. Alibe shopu. Ali ndi bokosi la zitsulo, kababu koyesera moto, ndi zala zakuda zomwe sopo anazilephera kalekale. Sukulu anasiyira giredi 9, koma madalaivala a maminibasi a ku Chipata amawadikira ngakhale theka la tsiku, chifukwa iwo salumikiza waya asanadziwe chomwe chaupsereza. Salankhulalankhula. Pakamwa pa banja lathu lonse panabwera kwa ine Ethel, ndipo nkhaniyi ndikuinena mtima ukuwirabe.

Amayi atadwala chaka chatha, a Aaron ndiwo anakawatenga kumudzi ku Vubwi n'kubwera nawo kuchipatala. Amalume athu a Julius anakana kwamtuwagalu, ati mlongo wawo asachoke pakhomo. Patapita milungu itatu amayi anatisiya. Amalume anafika ku Katete nkhope ili ndwii, osawapatsa achimwene ngakhale moni.

Lole yonyamulira maliro tinabwereka kwa munthu wina wogula thonje. Inali nkhalamba, ndipo fani yoziziritsa injini inali yamagetsi, yochita kuikamo. Tsiku loti mawa ulendo wa ku Vubwi, a Aaron anaiyendera yonse, maso ali psuu ndi misozi. Anasintha waya wothetheka, anaika fyuzi yatsopano, fani n'kuzungulira bwinobwino.

M'mawa, iwo ali kokatenga thupi, amuna anathyola nthambi zamasamba n'kuzisomeka kutsogolo kwa lole, monga timachitira kuti a m'njira adziwe kuti akudutsa ndi maliro. Yaikulu anasomeka ndi amalume, pakati penipeni pa zitsulo za kumaso kwa lole, n'kuikankha ndi manja awiri kuti mphepo isaichotse. Ndinaona ndi maso angawa.

Tisanafike ku Chadiza dalaivala, Obvious, anaima, ati akataye madzi. Tinamumva akugogodagogoda kutsogolo, koma ife kumbuyo tinali pa nyimbo, achimwene atagwira bokosi la maliro kuti lisagwedezeke. Titadutsa Chadiza, pa chitunda china, lole inatulutsa nthunzi ndi fungo la pulasitiki wopsa, kenako zii.

Amalume anatsika pang'onopang'ono ngati munthu amene amayembekezera zimenezi.

"Mlongo wanga akukana," anatero mokweza. "Sangapite kwawo limodzi ndi munthu amene anam'chotsa pakhomo kuti akafere kwa eni."

Amayi ena anayamba kung'ung'udza movomereza. A Aaron anatsika. Anatenga kababu kawo n'kukhudzitsa pa batire, kanayaka. Anatsegula pokhala mafyuzi, ndipo pamalo pa fyuzi ya fani anapeza msomali. Msomali weniweni, wokhomera malata!

"Obvious, ichi n'chiyani?"

"Bosi, fyuzi inapsa paja tinaima. Manje sipeya nilibe, so ninangoikako kuti tifike."

"Fyuzi imapsa kuti waya asapse. Unafunsa chomwe chinaipsereza?"

Achimwene anatsata waya ndi zala. Kabokosi kolumikiza moto wa fani kanali katasungunuka, waya wonse atapsa mpaka kufani. Anapisa dzanja kuti aizungulitse, koma inali gwa. Atasuzumira anaona tsinde la nthambi ija litalowa pakati pa mapiko a fani. Faniyo inkalimbana ndi mtengo kuchokera ku Katete.

Anaisolola mwakachetechete n'kuimangirira pa galasi la m'mbali. Ine sindinakhale chete.

"Amalume, si amayi akukana ayi! Ndi nthambi yanu! Munaisomeka ndinu!"

"Iwe, mwana wamkazi sakweza mawu pa maliro," anatero osandiyang'ana n'komwe.

Ndinatsala pang'ono kuwalavulira, Mulungu andikhululukire. Munthu wamkulu, imvi mbuu, kuopa kunena kuti ndalakwitsa, n'kusankha kusenzetsa mwana wa mlongo wake mlandu woti mayi ake omubala akumukana.

A Aaron anadula waya wa hutala, anachotsa fyuzi ya magetsi akutsogolo, n'kulumikiza fani molunjika ku batire kudzera pa fyuziyo. Fani inalira. Anadikira injini izizire, anathira madzi a m'zigubu zathu zakumwa, n'kuuza Obvious kuti asaime paliponse, chifukwa magetsi tsopano analibe ndipo ayenera kufika kukadali kowala. Atapukuta manja anagwira chitsulo kuti akwere.

"Iwe sukwera," anatero amalume. "Ukakwera, ine ndi abale onse titsika, ukaike wekha."

Amuna asanu anaimirira kumbuyo kwawo. Ndinayang'ana akulu a mpingo, iwo anayang'ana kuthengo. Ndinalumpha pansi, ndinati ngati ndi choncho nanenso nditsala, koma achimwene anandigwira paphewa.

"Ethel, dzuwa lapendeka. Adzukulu akumba kale manda. Amayi asagone pamsewu. Kwera."

Ndinakwera. Obvious anatembenuza kiyi, injini inadzuka kamodzin'kamodzi. Pomwepo mayi wina pafupi nane anaomba m'manja n'kunena kuti, "Mwaona? Wangotsala, malemu avomera." Ena anayankha kuti eya, zaonekeratu. Anthu omwewo amene anaona msomali, anaona nthambi, anaona munthu akupsa zala ndi injini yotentha! Ndinacheuka, achimwene ataima pakati pa msewu ndi bokosi lawo la zitsulo, fumbi lathu likuwakwirira.

Lole sinatenthenso mpaka ku Vubwi. Mpaka lero kumudzi amati Aaron anakanidwa ndi mayi ake, ndipo ine ndikamva ndimatukwana, kaya ndi pachitsime kaya ndi patchalitchi. Amalume sindiwapatsa moni.

Tsikulo achimwene anayenda wapansi mtunda wautali asanapeze njinga yamoto. Anafika anthu akubalalika, manda atatsekedwa, nkhata zitaikidwa kale. Ndinali ndatsala ndekha kumandako. Anaima pambali panga n'kufunsa motsitsa.

"Fani inavutanso?"

Ndinati ayi, sinavute. Anagwedeza mutu, anaika bokosi lawo pansi, n'kugwada pa dothi lonyowalo.