Dzina Limene Ndinapatsa Amayi

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndili Giredi 9 pasukulu ina ku Mtendere, pamene ndinawavula amayi anga dzina lawo n'kuwaveka lina. Sindinachite mwadala, komanso ndinganame nditati inali ngozi.

Kwathu mkazi akabereka, dzina lake la paubwana limapita kukapuma. Amayi anali Esinati kwawo ku Katete, anali NaBanda kwa malemu bambo anga, koma mu komboni yonse anali Bamake Tisa. Tisa ndine, mwana wawo woyamba. Ankalikonda dzinalo moti munthu akawaitana Esinati ankayamba ayang'ana kumbuyo, kuona ngati pali wina amene akuitanidwa.

Ntchito yawo inali yophwanya miyala m'mbali mwa msewu wolowera mu komboni. Ankakhala pansi atatambalala, mwala waukulu uli pakati pa miyendo, n'kuuzinga ndi kamphira kodula kutayala kuti tizidutswa tisathawe, kenako hamala n'kuyamba kulankhula. Pofika masana pambali pawo pankakhala mulu wa timiyala tonga mtedza, todikira omanga nyumba. Fumbi linkawayeretsa nsidze. Pafupi nawo pankakhala Bana Chanda, mayi Mbemba wa ku Kitwe wa pakamwa posachedwa, ndipo awiriwo ankatha tsiku lonse akunyozana mitundu ndi kuseka. Kuseka kwa amayi kunkamveka ngakhale lole ikudutsa. Pa maukwati a mu komboni ndiwo ankayambitsa nyimbo, ndipo kutchalitchi, banja lina likagwa m'mavuto, ndiwo ankayenda khomo ndi khomo kusonkhetsa ufa.

Ine zonsezi ndinkaziona, koma popita kusukulu ndi anzanga ndinkadzera njira ya kumsika, yotalika, kuti tisadutse pa miyala paja.

Chaka chimenecho Chinyanja ankatiphunzitsa Ba Sakala, bambo wamtali wovala jekete imodzimodziyo chaka chonse. Iwo ndiwo anatiphunzitsa kusanthula ndakatulo. Ankati ndakatulo ili ngati mulu wa zovala zakale za salaula, woona pamwamba pokha amabwerako ndi sanza. Pa ndakatulo iliyonse ankatifunsa kuti wolankhula ndani, akunena za anthu ati, ndipo akuti anthuwo ndi otani. Anatiphunzitsanso mawu akuti chizindikiro: kuti mtengo wouma m'ndakatulo ukhoza kuimira mudzi wonse, mayi mmodzi akhoza kuimira amayi onse. Mawu amenewo anandilowa m'mutu ngati nyimbo ya pa wailesi. Chilichonse kwa ine chinasanduka chizindikiro, ngakhale galu wa aneba.

Ndakatulo zambiri zimene tinkawerenga zinali za ana amasiye, za anthu othamangitsidwa m'minda yawo, za ogwira ntchito osayamikidwa. Ine ndi nzeru zanga za Giredi 9 ndinaganiza kuti ndagwira chinsinsi chake: ndakatulo yabwino ndi yoliritsa.

Tsiku la makolo litayandikira, Ba Sakala anati aliyense alembe ndakatulo pa mutu wakuti "Ife ndife yani?" ndipo yoposa zonse idzalakatulidwa pamaso pa makolo. Anzanga analemba za mbendera ndi za midzi imene sanaiponde n'komwe. Ine ndinalemba za mayi wophwanya miyala. Ndimaikumbukirabe, ngakhale ndayesetsa kuiiwala. Ndime yoyamba inkati:

Mayi wa miyala, mayi wa fumbi,
kuseka anakusiya kumudzi.
Ana ake agonera madzi,
iye agonera misozi.

Ba Sakala ataiwerenga anandiitana pa nthawi yopuma. Anati yalembedwa bwino, ndipo yasankhidwa. Kenako anavula magalasi n'kundiyang'ana.

"Tisa, uyu mayi saseka olo kamodzi?"

"Akaseka, ba ticha, ndakatulo izaonongeka."

"Nanga wabawerengera bamako?"

"Si beve, ba ticha. Ni chizindikiro chabe."

"Chizindikiro chamene chinkhala pa msewu wamene tipitapo tonse?" anatero. "Yenda ukabawerengere, bakavomera ubwere uniuze."

Ndinavomera ndi mutu. M'mawa mwake ndinawauza kuti amayi aimva ndipo aikonda. Akulu anati ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo, ndipo ine ndinali nditafika kale pa denga.

Tsikulo amayi sanapite kumiyala. Anavala bulauzi yoyera ndi chitenge chawo cha kutchalitchi, n'kudzola mafuta m'manja kawiri konse kuti ming'alu isaoneke. Bana Chanda nawo anabwera, ati sangaphonye kuona mwana wa ku Katete akulankhula zanzeru kamodzi m'moyo. M'njira yonse amayi ankauza aliyense wokumana naye kuti Tisa alankhula pamaso pa anthu lero. Ine ndinali patsogolo, ndikubwereza mizere yanga chamumtima.

Makolo anakhala pa mabenchi pabwalo la sukulu, ana tinakhala pansi pa fumbi. Nthawi yanga itakwana ndinaima n'kulakatula ndi mawu onjenjemera monga ndinazolowera pagalasi. Pamene ndinafika pa ana ogonera madzi ndinagwira pamimba. Amayi ena anapukuta m'maso ndi nsonga za zitenge. Nditamaliza anthu anaomba m'manja kwa nthawi yaitali, ndipo ndisabise, zinandikomera kwambiri.

Mlendo wolemekezeka, mayi wina wa nsapato zazitali wochokera ku ofesi ya maphunziro, anafuna kuona ngati ana timamvetsa zimene timalemba. Anandifunsa kuti mayi wa m'ndakatuloyo akuimira chiyani. Apa ndiye ndinatambasula mapiko. Ndinati akuimira umphawi wa m'makomboni, akuimira amayi oiwalika, akuimira anthu amene moyo wawaphwanya monga iwo aphwanyira miyala. Mlendoyo anagwedeza mutu mokhutira. Ndiye mnyamata wina kumbuyo anafuula, mosafuna n'kunyoza komwe, kungoti wazindikira:

"Ni Bamake Tisa! Baja ba pa msewu!"

Mitu yonse inatembenuka. Ndinaona amayi akulowetsa manja awo pansi pa chitenge, pang'onopang'ono, ngati munthu wobisa chinthu chakuba. Ankamwetulirabe, chifukwa anthu ankawayang'ana. Bana Chanda anatsonya mokweza moti ndinamva ndili kutsogolo.

Pobwerera sanandikalipire. Anaima pamsika n'kundigulira vitumbuwa monga analonjezera m'mawa, ndipo ndinadya ndikuyenda. Titafika kunyumba anavula bulauzi ija n'kuipinda bwinobwino, kenako anakhala pakhonde. Amayi akakhumudwa ankasiya chilankhulo cha m'tauni n'kubwerera ku Chichewa cha kwawo, ndipo tsiku limenelo anabwerera.

"Tisa, tandikumbutsa mwana wanga. Ndi liti unagonera madzi?"

Ndinafufuza m'mutu mwanga, chaka ndi chaka, ngakhale chaka chimene bambo anamwalira. Sindinalipeze tsikulo. Panali masiku odyera kapenta wowerengeka, panali masiku a masamba okhaokha, koma tsiku logona ndi njala panalibe.

"Ni ndakatulo chabe, bamayi," ndinatero.

"Ine ndaphwanya miyala zaka zonsezi kuti pasapezeke munthu wonena mawu amenewo. Ndimayesa akadzawanena adzakhala wapadera. Wawanena ndiwe."

Ananyamuka n'kukatunga madzi.

Ndikanakonda akanandimenya, chifukwa ndodo imapweteka n'kutha. Sabata yotsatira amayi atatu a kutchalitchi anabwera ndi thumba la ufa pamutu. Anali amayi omwe aja amene amayi anga ankayenda nawo posonkhetsera ena. Anati samadziwa kuti zinthu zafika pamenepo, ndipo anawadandaula kuti bwanji amabisa. Amayi anagwada, anaomba m'manja, anathokoza monga mwambo ufunira, ine ndikuonera pazenera. Alendowo atapita, anandisenzetsa thumbalo kuti ndikapereke kwa gogo wina wosaona wa kuseri kwa msika. Ndinalisenza ndikulira njira yonse, ndipo anthu ondiona ankayesa landilemera.

Ana a sukulu nawo anaigwira ndakatulo ija pamtima kuposa mmene ankagwirira masamu. Podutsa pa msewu ankaimba, "Mayi wa miyala, mayi wa fumbi!" Ena sankafuna choipa, inkangowakomera pakamwa. Bana Chanda ankawathamangitsa ndi hamala m'manja, koma mawa lake ankabweranso. Chinandipweteka koposa ndi ichi: amayi akaseka chikhakhali monga kale, wodutsa wina ankati, "Ah, onani, Mayi wa Miyala baseka lero!" Posakhalitsa anayamba kuseka atagwira pakamwa. Bodza limene ndinalemba linayamba kusanduka zoona ine ndikuona.

Ba Sakala anadziwa kuti ndinawanamiza, koma sanandilange. Tsiku lina anzanga atatuluka anandibwezera pepala langa n'kunena kuti ndiisanthule ndakatuloyo monga tisanthulira za ena. Ndinayamba kubwereza za umphawi zija. Anandidula.

"Ivo tinamvera kudala. Manje niuze, wolemba anasiya chani?"

Ndinayang'ananso pepala lija. Kenako ndinayamba kutchula: kuseka, nyimbo za pa ukwati, ufa wosonkhetsera ena, yunifomu yanga imene sinang'ambikepo osasokedwa. Dzina lawo.

"Nanga anavisiyira chani?"

Yankho lake ndinali nalo mumtima, ndipo linali njira ya kumsika ija. Ndinkachita manyazi ndi amayi anga. Ndakatuloyo inandipatsa malo abwino oimapo: ine kutsogolo, woyera ndi wanzeru, wowamvera chisoni, iwo kutali pa fumbi. Funso linali lakuti ife ndife yani, koma m'ndakatulo yonse munalibe mawu akuti ife.

"Ndakatulo yako yakamba vambiri pa iwe kuchila pa bamako," anatero Ba Sakala, n'kutenga choko chawo kumapita.

Ndinalemba ina. Ndinaikamo kuseka kwawo, ndinaikamo Bana Chanda, ndinaikamo maina awo onse atatu. Ndinawawerengera Loweruka lina ali pa ntchito, nditakhala pa mulu wa miyala, nthawi yoyamba kukhala nawo pamenepo masana anthu akuona. Anaimitsa hamala n'kumvetsera mpaka kumapeto.

"Iyi ndiye yabwino," anatero. "Koma aimve ndani?"

Ananena zoona. Tsiku la makolo linali litapita, ndipo ndakatulo ya mayi woseka sikanaliritsa munthu. Madzi akatayika saoleka. Anyamata aja amene ankaimba pa msewu anakula, ena anakhala oitanira basi, ndipo malo aja anayamba kuwatchula kuti Pa Mayi wa Miyala. Amayi eni ake, pokwera basi kuchokera m'tauni, ankayenera kutchula dzina limenelo kuti awatsitse pafupi ndi kwawo. Ankalitchula motsitsa, akuyang'ana pawindo.

Anandikhululukira kalekale, ndipo amandiseka nazo masiku ena. Miyala yomweyo inandiphunzitsa mpaka ndinakhala mphunzitsi, ndipo lero ndine ndimaima kutsogolo kwa ana kuwafunsa kuti wolankhula ndani, akunena za anthu ati. Sindiwaletsa kulemba za mavuto, chifukwa mavuto mu komboni alipo ndipo ayenera kunenedwa. Fumbi lija linali loona, ming'alu ya m'manja inali yoona, chifuwa chimene amayi amatsokomola mpaka lero ndi choona. Koma ndinaphunzira kuti ukhoza kumubera munthu pomumvera chisoni, ndipo wobedwayo amasowa kokadandaula chifukwa aliyense akuombera wakubayo m'manja. Choncho mwana akandibweretsera ndakatulo ya mayi wovutika, kapena tikamawerenga ya m'buku, ndimafunsa funso la Ba Sakala lija, kuti wolemba wasiya chiyani. Ndimafunsanso langa: munthuyu dzina lake ndani, ndipo akanakhala pa benchi apo, manja akanawaika pati?

Pamalo paja lero palibe wophwanya miyala. Pali mashopu a simenti ndi malata, ndipo makondakitala a masiku ano anabadwa amayi atasiya kale ntchitoyo. Sadziwa kuti mayiyo anali yani, kapena kuti akali moyo, mkati mwa komboni momwemo, m'nyumba ya mabuloko imene anamanga ndi hamala yake. Koma ndikamapita kukawaona, basi ikangokhota, kondakitala amamenya chitseko n'kufuula, kufunsa otsika:

"Pa Mayi wa Miyala! Oseluka alipo?"

"Niseluka pa Bamake Tisa," ndimatero.

Amandiyang'ana ngati ndasokonezeka. "Ni kuti uko, mami?"

Pofika poti ndimufotokozere basi imakhala itapitirira. Ndimatsikira kumsika n'kubwerera wapansi.