Makompyuta a Mphemvu a ku Chirimba

Ku Chilomoni, amene anachititsapo ukwati kapena kuika maliro amamudziwa Laurenti. Anachokera ku Nsanje ali mnyamata, n'kuyamba ndi kulemba zikwangwani za masaluni ndi burashi. Kenako anaphunzira kompyuta, n'kumakonza makhadi a ukwati, mapulogalamu a maliro, mpaka timabuku ta masukulu. Mkazi wake amati bamboyu akaona chikwangwani cholembedwa mothithikana mutu umamuwawa tsiku lonse, ndipo sanama.

Ali ndi lamulo limodzi. Ntchito iliyonse asanaipititse kosindikiza, amaitengera kwa mayi Zeinabu, okazinga mandasi pa steji ya minibasi, amene sukulu analekezera Sitandade 5. Amawafunsa kuti apeze chakutichakuti m'kabukumo. Akalephera kuchipeza mandasi a pamoto asanapse, ndiye kuti wolakwa ndi Laurenti, osati mayiwo, ndipo amakayambiranso.

Chaka chatha kunabwera a Hawkins, eni koleji ina ya ku Chirimba, atavala suti dzuwa likuswa mtengo.

"Ndikufuna pulosipekitasi ya boo, a Laurenti," anatero. "Kabuku koti mwana akangotsegula aziona tsogolo. Mubwere mudzajambule nokha."

Anapitadi. Kolejiyo inali zipinda zinayi kuseri kwa owotcherera zitsulo, ndipo woyamba kulonjera alendo pageti linali fungo la chimbudzi. M'chipinda china anandandalika makompyuta khumi ndi awiri opukutidwa bwino. Laurenti atakankha imodzi kuti chithunzi chiwongoke, inapepuka ngati katoni. Anasuzumira kumbuyo: munalibe kanthu koma mphemvu zikuthamangitsana. Zingwe zonse zinathera pa msomali kunsi kwa tebulo. Mabuku a mulaibulale anabwera pa wilibala m'mawa womwewo, ndipo wilibalayo inkadikira panja kuti iwabweze. Ophunzira omwetulira amene anamuikira kuti awajambule anali antchito a m'golosale ya a Hawkins omwewo.

Zinamunyansa mpaka nkhomaliro sanadye. Koma anajambulabe, akudziuza kuti iye ndi wokonza masamba, si woyendera masukulu. Munthu akafuna kudzinamiza sasowa mawu.

Chonyansa kwambiri n'chakuti kabukuko kanatuluka kokongola kuposa ntchito zake zonse. Zamkatimu anaziika patsamba loyamba, zilembo zikuluzikulu. Kosi iliyonse anaipatsa mtundu wakewake, ya makompyuta buluu, ya za hotela chikasu, ndipo pansi pake analemba magiredi ofunika mwachindunji. Kumapeto anaika mapu osonyeza potsikira minibasi. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere, ndipo wopaka utoto nkhuyuyo anali iye.

Chizolowezi chinamutengera ku steji.

"Mayi, tandipezereni kosi ya makompyuta."

Mayi Zeinabu anapukuta manja pa chitenje, anaona zamkatimu, n'kutsegula tsamba lake nthawi yomweyo. Laurenti anatambasula dzanja kuti alandire kabuku kake, koma mayiwo sanabweze. Ankayendetsa chala pa makompyuta aja, milomo ikugwedera.

"A Laurenti, aka ndiye komveka," anatero. "Zuleikha wanga wabweretsa timabuku tinayi ta makoleji, tonse tongondizunguza mutu. Koma aka ndakamva ndekha. Uku n'kumene ndimutumize Januwale."

Zuleikhayo Laurenti anamuona akadali kumsana, akugona mu utsi wa mbaula yomweyo. Pa ana asanu a mayi Zeinabu, ndi yekhayo amene anakhoza Fomu 4. Manyazi anamugwira Laurenti, bambo wamkulu, ngati wapezeka akuba nkhuku.

"Musamutumize, mayi."

Anawauza zonse, za mphemvu, za msomali, za wilibala. Mayiwo anatembenuza mandasi limodzilimodzi, n'kuwavuula.

"Zikomo. Wakutsina khutu ndi mnansi," anatero. "Nanga mukusindikiza tingati?"

"Zikwi ziwiri."

"Ndiye enawo muwatsina liti makutu? Kapena muziima pa steji iliyonse?"

Anang'amba tsamba la makompyuta lija, anakulungiramo mandasi awiri n'kumupatsa. Pofika ku shopu yake, mafuta anali atalowerera nkhope zonse zomwetulira zija. Mandasiwo sanawadye. Anafufuta ntchito ya masabata atatu, n'kuimbira a Hawkins kuti akapeze wina.

A Hawkins anamutukwana, ndipo wina anamupezadi ku Limbe. Kabuku kake kanatuluka kothithikana, tizilembo ngati nyerere, kopanda mapu. Laurenti anakaona pa tebulo m'saluni ina, anakatsegula, ndipo kwa nthawi yoyamba mutu sunamuwawe. Anangopemphera kuti aliyense kamugonjetse asanafike tsamba lachitatu.

Zuleikha akuphunzira kwina tsopano, ku koleji imene amayi ake anapita okha kukaiyendera, n'kunyamula kompyuta imodzi kuti amve kulemera kwake, aphunzitsi akuwayang'ana modabwa. Laurenti amawatengerabe masamba ake ku steji. Kungoti kale ankayamba kufunsa ndi iye. Masiku ano mayi Zeinabu salandira pepala asanamuyang'ane m'maso.

"Zimene zili umuzi, a Laurenti, munazinyamula ndi manja anu?"