Kalata yomata ya ahedi

Ndinali nditaphunzitsa masamu zaka zisanu pa sekondale ina kufupi ndi Nsaru pamene ndinaganiza zofunsira malo a digiri yachiwiri, yophatikiza masamu ndi za makompyuta. Fomu yake inkafuna kalata yondichitira umboni yochokera kwa wondiyang'anira pantchito. Ameneyo anali ahedi athu, bambo amene sanandikondepo chifikireni. Makolo anga anali matenanti pa esiteti ya fodya, ndipo ahediwo sankatopa kundikumbutsa kuti ndine wobwera.

Ndinawapeza mu ofesi akukukuta mtedza.

"Makompyuta?" anatero. "Magetsi mwawaonapo pasukulu pano? Kapena mukufuna muzikawerengera mabelo a bambo anu?"

"Ndikungopempha kalata, ahedi."

"Nanga Fomu 4 ndiisiyire ndani? Mbuzi?"

Anandiyendetsa milungu itatu. Lero chidindo chatsala kunyumba, mawa mutu ukuwawa. Tsiku lotsekera mafomu anandipatsa envulopu yomata, atasaina pomatirapo.

"Musatsegule, mwamva eti?"

Ndinaitsegula m'minibasi yopita kutauni kukapereka mafomu, tisanafike pa Njewa. Munali mizere inayi yokha. Analemba kuti ndine waulesi, wamwano, ndipo masamu ndimangoloweza. Ndinaiwerenga mobwerezabwereza mpaka mayi amene ndinakhala nawo pampando anandifunsa ngati ndalandira uthenga wa maliro.

Ndinatsika n'kukwera ina yobwerera. Ahedi ndinawapeza akumwa tiyi ndi aphunzitsi anzanga. Ndinaima pakhomo n'kuwerenga kalatayo mokweza, mzere ndi mzere. Onse anazyolika, wina anatuluka kapu ili m'manja.

Ahedi anatsiriza kaye tiyi wawo. "Ndinati musatsegule. Mwaonetsa nokha kuti zamwanozo sindinaname."

"Nanga zaulesizo? Ana anu omwe amene ndimawaphunzitsa Loweruka, amakhoza chifukwa cha ndani?"

"Tulukani."

Chaka chimenecho mafomu anandipita. Teremu yotsatira anandilanda masamu n'kundipatsa zaulimi, ndipo anzanga ankati ndikalowa, nkhani zimatha. Ndinkapita ndi ana kudimba la sukulu mtima ukuwira, koma sindinapepese.

Chaka chinacho ndinasakasaka mphunzitsi wanga wakale wa kuyunivesite, mayi wokalamba amene ankakumbukirabe kulemba kwanga kopendekera. Anandilembera masamba awiri ine ndili pompo, n'kundiuza kuti ndiwerenge asanamate. Ulendo uno a kuyunivesite ananditenga.

Tsiku lochoka ndinasiya makiyi a nyumba ya sukulu kwa alonda. Ahedi anali pakhonde la ofesi yawo, ndipo ndinadutsa osawatsanzika.